Masitepe a Pachithunzi

Kunena zoona, a Levulo sanali munthu woipa. Vuto lawo linali diso. Diso lawolo likagwera pa khoma, pa chitseko kapena pa shelefu, linkafunafuna chokhota, ndipo likachipeza pakamwa sipankachedwa. Anali mmisiri womanga nyumba, wodziwa ntchito yake ndithu, palibe angatsutse. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pantchito chifukwa levulo, kachipangizo koyezera kuongoka kwa khoma kaja, sinkachoka m'thumba lawo lakumbuyo ngakhale popita kumaliro.

Ndiye tangoganizani munthu wotere atagonekedwa kunyumba ya mafizo, kumene othyoka mafupa, ofa ziwalo ndi odulidwa miyendo amakaphunzira kuyendanso. Kuchipatala chachikulu anali atawaika chitsulo m'ntchafu yakumanzere, n'kuwatumiza kuno kuti mwendowo ukumbutsidwe ntchito yake. Asanathe n'komwe kudzuka okha pabedi anali atapeza kale kuti denga lalendewera pakati, zenera linalowa mopendekera, ndipo chitseko cha kuchimbudzi anachipachika ndi munthu woledzera. Atapatsidwa ndodo ndiye zinanyanya. Ankayenda m'khonde akugogoda matailosi limodzilimodzi.

"Tamverani! Mphako yokhayokha pansi apa. Amene anaika matailosi awa ankathamangira kumowa."

"Inu amisiri," ankatero a Dalaivala, mnzawo wa bedi loyandikana, amene mwendo wawo umodzi unatsala pansi pa lole, "mwendo wanuwo mwauyeza ndi levulo? Ine ndikuona ngati ukuposa chitseko chija kukhota."

Chipinda chonse chinkafa nalo phwete, a Levulo n'kusekako ndi mano okha.

Wowaphunzitsa kuyenda anali mtsikana wochepa thupi, wa mawu ofatsa koma wosamva kudandaula, amene odwala anamutcha Bwerezani. Ukayenda pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira mpaka kumapeto, thukuta lili kamukamu, maso akuchita mdima, iye ankangoti, "Mwachita bwino. Bwerezani." Ankawamanga a Levulo lamba wamkulu m'chiuno n'kuwagwira kumbuyo, munthu wamkulu wa imvi zake, ngati mwana wongoyamba kuimirira. Masiku oyamba zinali zamanyazi zokhazokha: kutembenuzidwa ngati thumba la simenti, kutaya madzi m'botolo anthu akumva, kukanika kudzuka pampando wa kuchimbudzi mpaka kuitana munthu. Koma manyazi amenewo anali a aliyense m'chipindamo, ndipo ogawana salemera kwenikweni. A Levulo anali ndi ena awoawo, amene sankagawana ndi munthu.

Aliyense wofika kumeneko ankafunsidwa ndi anzake kuti chinachitika n'chiyani. A Levulo anayankha kuti anagwa kuntchito, pa nyumba yosanja, thabwa lomwe anapondapo litathyoka. Sabata yoyamba nyumbayo inali yosanja pang'ono chabe. Pofika pakati pa mwezi inali itakwera ndithu, mpaka a Dalaivala anati, "Mukapitiriza kukhala kuno, amisiri, tidzamva kuti munagwa mu ndege."

Zoona zake zinali izi. Nyumba ya a Levulo inali pamalo otsetsereka, ndipo poopa madzi a mvula anakweza maziko mpaka khomo linafika m'chiuno mwa munthu woima panja. Tsiku losamukiramo anasanja mabuloko pakhomopo, opanda simenti, kuti anthu aziponda pongoyembekezera. "Masitepe ndimanga Loweruka," anatero. Ana anabadwa, anakwawa pa mabulokowo, anakula, wamkazi anakwatiwa n'kutsikira pa mabuloko omwewo atakwinya diresi la ukwati m'manja. Akazi awo anakwera pamenepo ndi pakati, ndi ndowa za madzi, ndi matumba a makala. Loweruka linkafika n'kupita, a Levulo ali kwa eni ake kumanga masitepe osalala ngati mbale. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo sananame. M'mawa wina mvula itagwa, buloko lapamwamba linatembenuka, mmisiri wa masitepe n'kupezeka ali gada m'matope pakhomo pake pomwe, levulo ili poteropo, mwendo utapindikira kumene mwendo supindikira.

Amene anawatola anali akazi awo ndi anansi. Mayiwo ankagulitsa zovala pamsika, ndipo masiku oona odwala ankabwera ndi malaya ochapa ndi zipatso. Nkhani ya nyumba yosanja anaimva kangapo ali pomwepo, akupinda zovala m'kabati. Sanatsutse, sanavomereze. Ankangosalaza kolala ndi chikhatho n'kutenga malaya ena.

Pang'onopang'ono mwendo unayamba kumvera. Chikuku anachisiya, chitsulo cha miyendo inayi chotsamira chija anachisiyanso, anatsala ndi ndodo imodzi. Tsiku lina Bwerezani anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi lawo.

"Bambo, tayamba kuganiza zakunyumba tsopano. Kuno sitimutulutsa munthu tisanadziwe kumene akupita. Ndikufuna chithunzi cha pakhomo panu, kuti masitepe amene tiziphunzira kuno afanane ndi amene mukakwere kumeneko. Tsiku lotuluka ndidzakuperekezani ndekha, ndikaone mukulowa m'nyumba ndi miyendo yanu."

A Levulo anafunsa, "Nanga pakhomo pakakhala povuta?"

"Pakakhala poopsa timabwerera nanu, kapena mumayamba mwakhala kwa wachibale amene nyumba yake ndi yapansi. Mwana wanu wamkazi uja anandiuza kuti kwawo kulibe sitepe ngakhale limodzi."

Kwa mkamwini! Nyumba imene a Levulo anaitcha khola la nkhuku pamaso pa anthu, tsiku lomwe mnyamatayo anawaitana mwaulemu kuti akaione! Kukagona m'menemo, kumapempha madzi osamba kwa munthu amene unamuseka, kumamva akutsokomola kuseri kwa khoma lomwe unati lidzagwa ndi chimfine. Ayi ndithu, bola kufera pa bedi lachitsulo lomweli. Nanga kuonetsa mabuloko aja? Kuwaonetsa kwa mtsikana amene wakhala akumva za matailosi ake m'mawa uliwonse?

Foni yawo inali yodzaza ndi zithunzi za ntchito zawo, zoonetsa makasitomala. Chala chinangoyenda chokha n'kukaima pa khomo la nyumba imene anamangira bwana wina chaka chatha: masitepe otakasuka, afupiafupi, ofanana ngati mano a chipeso, chogwirira chachitsulo chili kudzanja lamanja.

"Ndi pamenepa," anatero, maso ali kumbali.

"Eee, koma kunja kuno kuli amisiri!" anatero Bwerezani, akudzitumizira chithunzicho. "Awa ndiye simukavutika nawo. Anthu amatibweretsera zoopsa, inu."

A Dalaivala anatalikitsa khosi. "Tione. Aaa! Ine ndinkayesa mumangolongolola. Pepani amisiri, ndakuvulirani chipewa."

Foni inayenda bedi ndi bedi, aliyense akuyamikira, mwini wake malovu akuwawa m'kamwa.

Pakona pa chipinda cha mafizo panali masitepe a matabwa ophunzirirapo, mbali ina ataliatali, mbali ina afupiafupi. Bwerezani anawaika kumbali yaifupi, monga pachithunzi paja. "Pokwera, mwendo wabwino patsogolo. Potsika, wodwala patsogolo. Dzanja lamanja pa chogwirira, ndodo kumanzere. Bwerezani." A Levulo anagwira msanga, ndipo akayamikiridwa mtima unkangowawa. Ankadziwa bwino lomwe kuti kwawo kulibe chogwirira, kuti buloko lililonse limafuna kukweza bondo mpaka pamimba, ndi kuti lapamwamba lija likadali chitembenukire m'matope. Ankaphunzira ndi thukuta lenileni kulowa m'nyumba ya munthu wina.

Kenako linafika tsiku lophunzitsa amene akasamalire wodwala kunyumba. Mayi anasiya benchi yawo kumsika n'kubwera. Bwerezani anawaonetsa poima: kumbuyo kwa bambo, sitepe limodzi m'munsi, zala zitakola lamba, osakoka mkono. Mayi anamvetsera ngati mwana wasukulu, anayesa, analakwitsa, anayesanso.

"Inu amayi muli ndi mwayi," anatero Bwerezani. "Akanakhala ena tikanayamba kukambirana zophwanya ndi kumanganso. Koma pakhomo panu mpabwino kale." Anatulutsa foni m'thumba la yunifomu. "Mukaima apa, mwaona? Iwo dzanja lili pa chitsulo ichi."

Mayi anapukuta manja pa siketi n'kulandira foniyo. Anayang'ana. Anayang'anabe. Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, anaona pansi, anaona pamwamba. A Levulo anali pa sitepe lapakati, lamba ali m'chiuno, osatha kuthawa, osatha ngakhale kutembenuka msanga. Analakalaka pansi patang'ambika kuti alowe, koma pansipo panali matailosi omwe ankawanyoza aja, ndipo sanang'ambike ngakhale limodzi.

Mayi anakweza mutu n'kuyang'ana amuna awo. Sanali maso aukali ayi. Bola akanakhala aukali.

"Eya," anatero mayi. "Ndi abwinodi. Munganditumizireko chithunzichi, mwanangu? Ine ndilibe."

Atabwerera kuchipinda chogona mayi anapinda zovala ngati masiku onse, anatsuka kapu, anakonza pilo. A Levulo anatsegula pakamwa.

"Mayi a ana..."

"Ndithamange, bambo, benchi ndasiyira mnzanga."

Kuyambira tsikulo mayi anayamba kubwera modumphadumpha. Nthawi zina ankabwera mwana wamkazi uja, wothamanga, wa mawu awiri okha, "Amayi atanganidwa," maso osafuna kukumana ndi a bambo ake. A Levulo anadziweruza okha mlanduwo. Mkazi watopa, anatero mumtima, ndipo ndani angamunene? Wakwera mabuloko moyo wake wonse, ndiye lero amve kuti mwamuna wake akudzitama ndi khomo la eni ake, ngati kuti la iwo ndi lonyansa kulitchula. Mayi akabwera ankaoneka otopa, akuwodzera pampando, manja ali m'matumba a juzi ngakhale kunja kukutentha. Tsiku lina anawasendera lalanje, ndipo madzi ake atalowa m'zala anakoka mpweya m'mano.

"Manja atani?"

"Sopo watsopano. Sakugwirizana nane."

Ndipo mmisiri wa diso lakuthwa, woona khoma lokhota akadali kutsidya kwa msewu, anakhulupirira za sopo. Munthu akatanganidwa ndi manyazi ake saona chilichonse.

Tsiku lotuluka litalengezedwa, bondo la a Levulo linadwala mwadzidzidzi. Ankatsimphina, akubuula, akukana masitepe a matabwa aja. Bwerezani anadina bondolo uku ndi uku, analipinda, analiongola, anawayang'ana kumaso nthawi yaitali, n'kusuntha tsikulo. Atatuluka, a Dalaivala anatembenuka pabedi.

"Ine ndikulota kwathu ndili maso, inu mukukana kwanu. Mwakonda tiyi wa kuno kodi?" Anatsitsa mawu. "Amisiri, ine ndine wa pamsewu, ndimadziwa galimoto yowonongeka ndi yongokana kuliza. Bondo lanulo limatupa Bwerezani akalowa, akatuluka limaphwa. Manyazi anapha lambe. Ngati pali nkhani, lavulani."

Mawa lake masana a Levulo anatenga ndodo n'kuyenda khonde lonse mpaka pa ofesi ya Bwerezani. Mawu anali atawakonza bwinobwino m'njira: mwanangu, chithunzi chija si cha kwathu. Basi, mawu ochepa, mwana wa sukulu ya mkaka angawanene. Anakweza dzanja kuti agogode, chitseko n'kutseguka chokha.

"Bambo! Mwayenda mpaka kuno ndi bondo lotupa lija? Mumafuna chiyani?"

A Levulo anayang'ana chitsekocho.

"Chitseko chanuchi," anatero. "Chikukhula pansi. Amene anachipachika..."

"Ankathamangira kumowa, ndikudziwa. Bwererani mukapume."

Anabwerera atathyola khosi, ndipo ulendo wobwererawo sanagogode tailosi ngakhale limodzi.

Kachiwiri tsikulo silinasunthike, pakuti bedi linkafunidwa ndi munthu wina. M'mawa mwake mayi anafika molawirira, analongedza zovala m'chikwama, anawaveka amuna awo nsapato ya mwendo wodwala umene sunkafikirikabe. A Dalaivala anagwira dzanja la mnzawo mwamphamvu.

"Mukandiitane ndidzakwere masitepe a pachithunzi aja. Ndikubwera ndi mwendo wanga wapulasitiki, musadzandiyeze ndi levulo."

M'galimoto ya kunyumba ya mafizo Bwerezani anakhala kutsogolo, lamba wamkulu uja ali pamiyendo. A Levulo ndi mayi anakhala kumbuyo, chikwama chili pakati pawo. Anadutsa pamsika, pasiteji, pa nyumba zingapo zimene a Levulo anamanga ndi manja awo, ndipo lero sanaloze ngakhale imodzi. Ankangoona m'maganizo mwawo zimene zikubwera: galimoto iima, mtsikana atsika, ayang'ana mabuloko, ayang'ana foni, ayang'ananso mabuloko. Anansi ali pa mipanda. Kenako galimoto itembenuka kulowera kwa mkamwini. Anasuzumira kwa akazi awo kuti mwina angawathandize ndi mawu, koma mayi ankayang'ana pazenera, manja ali m'juzi.

Galimoto itakhotera mu kanjira ka kwawo, matayala akuphwanya timiyala, a Levulo anatsinzina. Inde, bambo wamkulu, anatsinzina ngati mwana woopa jakisoni. Anamva injini ikuzima, chitseko chakutsogolo chikutseguka, mawu a anansi akulonjera.

"Ndi pano eti?" anatero Bwerezani. "Eya, ndawazindikira masitepewo."

Anatsegula maso.

Mabuloko panalibe. Kuchokera pansi mpaka pakhomo panali masitepe, otakasuka, afupiafupi, simenti yake ikadali yakuda ndi chinyezi, masaka onyowa ataunjikidwa pambali. Kudzanja lamanja kunali chogwirira cha paipi yakale ya madzi, yowotcherera, yopakidwa penti yotsala ya mawindo. Koma abale, masitepe ake! Diso la a Levulo silinapemphe chilolezo, linangoyamba ntchito. Lapansi linali lopendekera kumanzere. M'mphepete monse munali mano a thabwa lotchingira limene linachotsedwa mofulumira. Pulasitala anasalazidwa ndi chinthu chimene sichinali mpeni womangira, mwina chivundikiro cha poto. Ndipo lapamwamba linali lalitali kuposa anzake, poonekeratu kuti womangayo anafika kumapeto n'kupeza kuti masamu sanakwane. Wophunzira ntchito wawo akanamanga zotere akanamuphwanyitsa tsiku lomwelo.

Anawatsitsa m'galimoto, anawaimika, Bwerezani anawamanga lamba. "Amayi, malo anu aja."

Mayi anatulutsa manja m'juzi n'kukola lambayo kuchokera kumbuyo. A Levulo anayang'ana pansi, m'mbali mwa chiuno chawo, ndipo anawaona manjawo. Khungu linali lotuwa, long'ambikang'ambika m'mfundo za zala, zikhadabo zitadyeka, chala chachikulu chitakulungidwa kansalu. Manja otere ankawadziwa. Sopo sachita zimenezo. Imachita ndi simenti, ukaikanda ndi manja opanda magolovesi, masiku otsatizana. Anakumbukira kuti atangokwatirana, asanakhale ndi anyamata a ntchito, amene ankawasakanizira mchenga ndi kuwapatsira njerwa anali mayi omwewa.

Bwerezani anali atatulutsa foni, akuyang'ana chithunzi, akuyang'ana masitepe. "Koma pachithunzi paja ankaoneka osalala."

"Zithunzi zimakongoletsa, mwanangu," anatero mayi kumbuyoko, mawu ali phee.

Mtsikanayo anaseka n'kugwedeza chogwirira kuti aone kulimba kwake. Sichinasunthe. "Olimba ndi olimba ndithu. Koma amisiri, inu amene mwatisowetsa mtendere ndi matailosi athu, ntchito yanu ndi imeneyi?"

Anansi anali atafika pafupi, omwe aja amene anawatola m'matope. Mwana wamkazi anali pakhomo ndi mwamuna wake, mkamwini wa khola la nkhuku uja, nsapato zake zili ndi madontho a simenti. Onse ankayang'ana a Levulo. Palibe amene akanawatsutsa, zinkaonekeratu. Mayi anali atawapatsa bodza lawo lomangidwa kale, louma, longofuna kupondapo. Akanangoti "Eya, ndinamanga mothamanga," anthu akanaseka, nkhani n'kutha.

Zala zija zinali m'chiuno mwawo, ndipo ankamva kansalu ka pachala kakukhula malaya.

"Ayi," anatero a Levulo. "Ayi, mwanangu. Ine pano sindinaikepo ngakhale fosholo imodzi. Chithunzi chija ndi cha nyumba ya eni ake. Pano panali mabuloko ongosanja, zaka zonse zimene takhala m'nyumba muno. Ndi pamene ndinagwa, pompano, osati pa nyumba yosanja. Awa amanga ndi mayiwa."

Anathyola khosi. Makutu ankalira. Bwerezani anayang'ana masitepe, anayang'ana manja a mayi, n'kubweza foni m'thumba pang'onopang'ono. Sanaseke, ndipo a Levulo akanakonda akanaseka.

"Zimenezo mukanenera m'nyumba, bambo," anatero mayi. "Anthu aima padzuwa. Mwendo wabwino patsogolo."

Anagwira paipi ija ndi dzanja lamanja. Penti inali itauma. Anakweza mwendo wabwino, anakoka wodwala, ndodo n'kutsatira. Sitepe lopendekera lija linawalandira. Anakwera lotsatira, ndi linzake, mpweya ukutuluka m'kamwa, mpaka anafika pa lalitali lija, limene kunyumba ya mafizo sanaphunzirepo. Anaika phazi pamwamba, anakankha, bondo linanjenjemera n'kukana. Thupi linayamba kubwerera m'mbuyo. Pomwepo lamba anakoka m'chiuno, mwamphamvu, ndipo kumbuyo kwawo anamva mayi akukoka mpweya m'mano monga tsiku la lalanje lija. Anapezeka aima pakhomo, miyendo yonse iwiri ili pamwamba.

Anansi anaomba m'manja. A Levulo sanatembenuke. Anaima chiimire, akupuma, ndipo dzanja lawo mwachizolowezi linatsitsa ndodo n'kugogoda sitepe lapamwambalo. Linalira mawu olemera, opanda mphako.

"Munkathirira madzi?" anafunsa motsitsa, osayang'ana kumbuyo.

"M'mawa ndi madzulo," anatero mayi. "Monga ndinkathiririra za eni ake zija. Bondo lanu lotupa lija linatithandiza, mukanabwera tsiku loyamba lija mukanaponda zosauma."

Ngakhale za bondo ankazidziwa! A Levulo anafuna kunena kanthu, pepani kapena zikomo, koma mawu onse awiriwo anawaona ang'onoang'ono. Misozi inatsika, anthu akuona, ndipo analibe dzanja loipukutira, lina lili pa paipi, lina pa ndodo.

Pazenera la pafupi ndi khomo panali levulo yawo, yotsukidwa matope. Mayi anailoza ndi chibwano.

"Iyo, ngati mukufuna kuyeza. Ine sindinaigwiritse ntchito, sindidziwa kuwerenga kadontho kake."

"Isiyeni pomwepo."

Pansi pa masitepe Bwerezani anakonza kukhosi. "Kukwera mwakwera, bambo, ndaona. Koma lapamwambalo silinakuzolowereni. Sindichoka pano mpaka mulikwere opanda kukokedwa." Anapinda manja pachifuwa. "Tsikani. Bwerezani."

A Levulo anatembenuka pang'onopang'ono. Mayi anatsika sitepe limodzi n'kuima kutsogolo kwawo, akutambasula manja kuti akolenso lamba.

"Gwirani pang'ono, mayi," anatero a Levulo. "Zala zikupwetekani."

"Zazolowera. Wodwala patsogolo, bambo."

Anatsitsa mwendo wodwala pa sitepe la akazi awo.